PHUNZIRO 18: KODI YISITI WATHU ALI MOYO?

Tiwerenge mawu awa

mo-wa, mowa
yi-si-ti, yisiti
tho-vu, thovu
chi-me-ra, chimera
mbi-ya, mbiya

Tiwerenge ziganizo izi

Yisiti ndi chinthu chamoyo.
Yisiti wamoyo amatulutsa thovu.
Yisiti wakufa sawiritsa mowa.
Tiyese pang'ono tisanathire m'mbiya.

Mowa umene udakana kuwira

M'nyengo yokonza minda, mayi wina wa m'kalasi mwathu adajomba masiku 4. Atabweranso tidawafunsa kuti, "Amayi, tidakusowani. Kodi kunyumba nkwabwino?"

Iwo adati, "Nkwabwino ndithu, aphunzitsi, koma ine manyazi andigwira. Ndidafulula mowa wa dima, ndipo mowawo udakana kuwira."

Mayiwa ndi amasiye. Munda wawo ndi waukulu, ndipo sangathe kuulima okha mvula isanagwe. Chotero adaitana anthu kuti adzawalimire, iwo adzawapatse mowa. Adakonza chimera kwa sabata yathunthu. Adagayitsa ndowa 2 za chimanga. Adatola nkhuni, adatunga madzi, adaphika phala. Mbiya yawo yakale idali itasweka, ndiye adabwereka mgolo umene sudafululidwemo mowa ndi kale lonse. Pofuna kuti mowa upse msanga, adathira yisiti wa m'paketi amene adatsala pa ukwati wa mwana wawo.

Tsiku loyamba mu mgolo mudali zii. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Anthu a dima adabwera tsiku lachitatu, adalima pang'ono, adalawa, nabalalika dzuwa lisanafike pamutu. Mowa udayamba kuwira pang'ono tsiku lachinayi, utasasa kale.

Choipa china chidatsatira. Anthu ena adati pali munthu wa dzanja loipa amene adakhudza mgolowo. Mayiwa adayamba kukayikira mnansi wawo amene adawabwereka mgolo, ndipo awiriwa adaleka kupatsana moni.

Tidawafunsa kuti, "Amayi, kodi yisiti uja watsalako?"

"Watsalako theka la paketi," adatero.

"Mudamusunga kuti?"

"Pamwamba pa khoma, kunsi kwa malata, kuti ana asamupeze."

Tidawapempha kuti abwere naye mawa lake. Tidamuyesa pamaso pa kalasi yonse, ndi kapu ya madzi ofunda ndi shuga pang'ono. Tidadikira mphindi 10, kenaka mphindi 30. Thovu silidaoneke. Yisiti adali atafa kalekale, mowa usanaphikidwe. Mnansi uja adalibe mlandu.

Ife sitidabwere kudzaphunzitsa amayi kufulula mowa. Iwo adayamba kufulula ife tisanabadwe. Phunziro lino likutiphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kudziwa ngati yisiti ali moyo, tisanataye ufa, nkhuni ndi mphamvu zathu.

Yisiti ndi chiyani?

Timati madzi akuwira akakhala pamoto. Timatinso mowa ukuwira, koma pansi pa mbiya palibe moto. Tikapisamo dzanja sitipsa. Nanga chimene chikutulutsa thovu ndi chiyani?

Ndi yisiti. Yisiti ndi tinthu tamoyo tating'onoting'ono, ta m'banja limodzi ndi bowa ndi chuku. Kamodzi sikaoneka ndi maso. Titandanditsa pafupifupi 200 pa mzere umodzi, mzerewo ungatalike milimita imodzi yokha. Kambewu kamodzi ka yisiti wouma kamene timakaona m'paketi si kamodzi ayi. Ndi mulu wa tinthu tambirimbiri tomatirirana. Mu galamu imodzi muli mabiliyoni angapo.

Chamoyo chilichonse chimadya, chimatulutsa zina m'thupi mwake, chimaswana, ndiponso chimafa. Yisiti amachita zonsezi.

Chakudya chake ndi shuga. Koma mu ufa mulibe shuga wokwanira. Apa ndi pamene pali ntchito ya chimera. Mawere, mapira kapena chimanga chikamera, chimakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Ndi chifukwa chake phala lolimba limasungunuka ndi kutsekemera tikathiramo chimera. Thobwa ndi umboni wake.

Tsono yisiti amadya shuga ameneyo, natulutsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ukali wa mowa, umene umaledzeretsa. Chachiwiri ndi mpweya, umene umakwera pamwamba ndi kupanga thovu. Pa shuga amene yisiti wadya, pafupifupi theka limasanduka ukali, theka lina mpweya. Mpweya womwewo ndi umene umatupitsa buledi ndi mandasi. Yisiti wa buledi ndi yisiti amene amawiritsa mowa wa masese ndi mtundu umodzi. Anthu a sayansi amautcha Saccharomyces cerevisiae.

Chotero chimera chili ndi ntchito yake, yisiti alinso ndi yake. Chimera chimakonza chakudya, yisiti amadya. Phala likapanda kutsekemera, vuto lili pa chimera. Phala likatsekemera koma osawira, tiyang'ane yisiti.

Yisiti sapezeka m'sitolo mokha. Ali pa zipatso, pa chimera, ndiponso m'timing'alu ta mbiya yakale. Makolo athu adafulula mowa zaka zosawerengeka popanda paketi. Adadziwa kuti mbiya imene idazolowera mowa imawiritsa msanga kuposa yatsopano. Adadziwanso kuti kuthira mowa wakale pang'ono mu phala latsopano kumafulumizitsa kuwira. Pochita zimenezi adali kubzala yisiti, monga timabzalira mbewu yosunga chaka chatha.

Anthu adadziwa bwanji?

M'chaka cha 1680, munthu wina wa ku Holland, Antonie van Leeuwenhoek, adayang'ana dontho la mowa ndi galasi lokulitsa zinthu limene adapanga yekha. Adaona timibulu tating'ono, koma sadadziwe kuti ndi tamoyo.

Kuyambira m'chaka cha 1857, Louis Pasteur wa ku France adaonetsa poyera kuti kuwira ndi kusasa ndi ntchito ya tinthu tamoyo. Adaonetsanso kuti mowa ukaonongeka, ndiye kuti tinthu tina tosafunika talowamo ndi kuchuluka.

M'chaka cha 1883, Emil Christian Hansen, amene adali kugwira ntchito ku Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen ku Denmark, adapatula yisiti wa mtundu umodzi wokha namuweta payekha. Kuchokera pamenepo mafakitale a mowa adayamba kusunga yisiti wawowawo.

M'mafakitale amayesa yisiti asanamugwiritse ntchito. Njira ina ndi kudonthezera mankhwala obiriwira ngati mtambo pa yisiti, ndi kuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Yisiti wakufa amatenga mtundu wa mankhwalawo. Wamoyo amatsala woyera. Akatero amawerenga kuti pa 100 amoyo ndi angati. Ife tilibe makina amenewo, koma tili ndi kapu, madzi, shuga ndi maso.

Yisiti wofooka amaononganso mowa

Yisiti amaswana mwa kuphukira. Kamodzi kamatulutsa kamphukira m'mbali, kamphukirako kamakula ndi kupatuka. Chakudya chikakhalapo, ndiponso kukafunda bwino, yisiti angathe kuwirikiza kawiri pa maola 2 alionse. Tiwerenge pamodzi:

Poyamba: 1
Patapita maola 2: 2
Patapita maola 4: 4
Patapita maola 6: 8
Patapita maola 8: 16

M'mbiya yisiti sakhala yekha. Mulinso tinthu tina tamoyo totchedwa mabakiteriya. Ena mwa iwo ndi amene amasasitsa mowa. Kusasa pang'ono timakufuna, pakuti kumakometsa mowa. Koma onsewa amalimbirana shuga yemweyo. Ali ngati chimanga ndi udzu m'munda umodzi: chimene chayamba kukula ndicho chimapambana.

Tiyerekeze kuti pa 100 alionse m'paketi yathu, 90 adafa, amoyo ndi 10 okha. Kuti 10 aja afike pa 100, ayenera kukhala 20, kenaka 40, kenaka 80, kenaka 160. Pamenepo papita pafupifupi maola 7 kapena 8. Nthawi yonseyi mabakiteriya akudya ndi kuswana. Mowa umadzapsa mochedwa, wosasa kwambiri, wopanda mphamvu.

Nanga onse 100 akafa? Tikawirikiza 0, yankho ndi 0 basi.

Zimene zimapha yisiti

1. Kutentha. Yisiti amakonda kufunda, koma kutentha kukafika pa madigiri 55 mpaka 60 amafa. Phala lotentha limapha yisiti wabwino nthawi yomweyo. Ngati chala sichingapirire m'phala, yisitinso sangapirire. Paketi yosungidwa pa dzuwa, pafupi ndi moto, kapena kunsi kwa malata imafooka pang'onopang'ono. M'chigwa cha Zambezi, ku Tete, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kunsi kwa malata kumaposa pamenepo.

2. Chinyezi. Yisiti wouma ali m'tulo. Akanyowa amadzuka, ndipo akapanda kupeza chakudya amafa. Supuni yonyowa yopisa m'paketi ingathe kuononga yisiti yense.

3. Mpweya. Paketi ikatsekulidwa, mpweya umalowa, ndipo mphamvu ya yisiti imayamba kutsika.

4. Ukalamba. Paketi yosatsekula, yosungidwa pozizira, imatha kukhala mpaka zaka 2. Yotsekula sikhalitsa chomwecho.

5. Mchere wambiri, sopo, ndiponso mankhwala otsukira otsalira m'chiwiya.

Kuzizira kwa nyengo sikupha yisiti. Kumangomuchedwetsa. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, mu Juni ndi Julayi, mowa umachedwa kuwira ngakhale yisiti ali bwino. Pamenepo tifunditse mbiya ndi chiguduli, ndipo tidikire.

Tiwerenge paketi

Kuyesa kumayambira m'sitolo, tisanapereke ndalama. Apa kudziwa kuwerenga kumatithandiza.

Mapaketi ambiri amalembedwa m'Chipwitikizi. Tisamale, pakuti pali zinthu ziwiri zimene mayina ake amafanana.

Fermento biológico, kapena levedura: uyu ndiye yisiti wamoyo. Amaoneka ngati timbewu tating'ono totuwa, tofiirira pang'ono.

Fermento em pó, kapena fermento químico: uwu ndi ufa woyera wotupitsira makeke. Si wamoyo, sudya shuga, ndipo sungawiritse mowa. Tikauthira m'madzi umachita thovu nthawi yomweyo, kenaka umaleka. Yisiti amayamba pang'onopang'ono, koma thovu lake limapitirira kukula.

Tifunenso mawu akuti validade. Pambali pake pamakhala manambala. Tikaona 08/2027, ndiye kuti mwezi wa 8, Ogasiti, chaka cha 2027. Mwezi umenewo ukadutsa, opanga salonjezanso kuti yisiti ali ndi mphamvu.

Mapaketi akuluakulu amamatidwa atachotsamo mpweya, ndipo amalimba ngati njerwa. Paketi yotere ikafewa isanatsekulidwe, ndiye kuti idabooka penapake.

Koma deti silinena zonse. Opanga sadziwa kumene paketi idagona. Deti likhoza kukhala labwino, yisiti atafa kale ndi dzuwa la pa msika. Ndiponso yisiti wogula woyezera pang'onopang'ono m'timapepala alibe deti. Chotero tiwerenge, kenaka tiyese.

Kuyesa yisiti wa m'paketi

Zofunika ndi izi: tambula yoonekera mkati kapena kapu yoyera, madzi ofunda theka la kapu, shuga supuni ya tiyi imodzi, yisiti masupuni a tiyi 2.

1. Titsuke tambula ndi kuitsukuluza bwino kuti sopo asatsalemo.

2. Tithiremo madzi ofunda. Akhale ngati madzi osambitsa khanda. Tidonthezere kuseri kwa dzanja: asaotche, asazizirenso. Thupi la munthu limafunda madigiri 37, ndipo madzi athu akhale chapomwepo.

3. Tithire shuga ndi kutakasa mpaka asungunuke.

4. Tiwaze yisiti pamwamba, titakase pang'ono.

5. Timange ulusi kunja kwa tambula, kapena tilembe mzere ndi khala, pamene madzi alekeza.

6. Tiike tambula pamalo ofunda, pamthunzi. Tidikire mphindi 10. Ngati tilibe wotchi, wina awerenge phunziro lino mokweza kuyambira poyamba mpaka pano.

Tsopano tiyang'ane. Pali mayankho atatu.

Thovu lakwera kwambiri kupitirira ulusi, ndipo pakumveka fungo ngati la buledi wosaphika: yisiti ali moyo ndipo ali ndi mphamvu. Timugwiritse ntchito. Zimene zili m'tambula tisataye, tingathe kuzithira m'mbiya phala likazirala.

Thovu lilipo koma ndi lochepa, lili m'mbali mokha: yisiti ali moyo koma ndi wofooka. Tidikire mpaka mphindi 30, pakuti yisiti wina wopangidwira mowa amachedwa kudzuka kuposa wa buledi. Ngati thovu likadali lochepa, tisamuthire m'mbiya yaikulu momwemo. Tiyambe tamulera, monga tiphunzire kutsogoloku.

Thovu palibe, yisiti wangokhala pansi ngati matope: tisafulumire kuweruza. Mwina madzi adatentha kapena adazizira. Tiyesenso kachiwiri mosamala. Akakananso, yisiti wafa. Timutaye. Kuonjeza yisiti wakufa wambiri sikuthandiza kanthu.

Tiyese tokha m'kalasi

Tisangokhulupirira chifukwa aphunzitsi anena. Titenge matambula 3 ndi yisiti wabwino.

M'tambula yoyamba: madzi ofunda, shuga, yisiti.
M'tambula yachiwiri: madzi ofunda ndi yisiti, popanda shuga.
M'tambula yachitatu: yisiti ndi madzi owira kumene pamoto. Akazirala tithiremo shuga.

Patapita mphindi 10 tidzaona thovu lambiri m'tambula yoyamba. Mu yachiwiri thovu lidzachepa kwambiri, chifukwa mulibe chakudya. Mu yachitatu simudzachitika kanthu, chifukwa madzi otentha apha yisiti.

Titachita zimenezi m'kalasi mwathu, agogo ena aamuna adayang'anitsitsa tambula yachitatu, nati, "Mwanawe, ndiye kuti ine ndakhala ndikukalipira agolosale pachabe. Ndimathira yisiti phala likadali kufuka nthunzi."

Kuyesa mowa wakale

Ambiri a ife sitigula paketi. Timasunga mowa wakale pang'ono, kapena masese a pansi pa mbiya, kuti tidzayambitsire mowa watsopano. Umenewunso umayesedwa, koma umafuna nthawi yaitali. Tiuyese kutatsala tsiku limodzi kapena masiku 2 kuti tifulule.

Poyamba tiyang'ane ndi kununkhiza. Fungo la mowa, losasa pang'ono, ndi labwino. Koma ngati ukununkha chowola, ngati pamwamba pamera chuku chakuda, chobiriwira kapena chofiira, ngati ukunanda monga therere, tiutaye kutali ndi ziweto. Tisaulawe.

Ukaoneka bwino, tichite izi:

1. Tiphike phala lamadzimadzi kapu imodzi. Lizirale mpaka lingofunda.

2. Tithiremo chimera pang'ono kuti litsekemere. Ngati chimera palibe, shuga masupuni a tiyi 2 akwana.

3. Tithire phalalo m'botolo loyera, lifike theka. Tionjeze mowa wakale uja masupuni aakulu 3, tikhutchumule.

4. Kukamwa kwa botolo timangeko baluni, kapena kathumba ka pulasitiki kosabooka, titafinya mpweya wonse. Timange zolimba ndi mphira.

5. Tiike pamalo ofunda usiku wonse.

M'mawa, ngati kathumba katupa, ndipo m'botolo mukukwera timathovu, yisiti ali moyo. Ngati kathumba kadakali kofota patatha tsiku lathunthu, mowa wakalewo watha mphamvu. Tikapemphe wina kwa mnzathu amene mbiya yake ikuwira.

Chenjezo: tisatseke botolo ndi chitsekero chake. Mpweya ukasowa potulukira, botolo limaphulika, ndipo magalasi angathe kuvulaza maso.

Kulera yisiti wofooka

Mwana wofooka sitimupatsa khasu lalikulu. Timayamba tamudyetsa. Yisiti wofooka timachita naye chimodzimodzi.

Tikonze phala lotsekemera lita imodzi, lofunda, mu mphika woyera. Tithiremo yisiti wofooka uja. Titakase kwambiri kuti mpweya ulowe, pakuti yisiti amaswana bwino akapeza mpweya poyamba. Tivundikire ndi nsalu yoyera. Patapita usiku umodzi, likayamba kuwira ndi mphamvu, tilithire m'mbiya yaikulu. Likapanda kuwira, tataya lita imodzi yokha. Mbiya yathu ikadali yosaonongeka.

Mowa ukachedwa kuwira, tisathiremo feteleza, mankhwala, kapena chinthu chilichonse chimene si chakudya. Zimenezo sizidzutsa yisiti wakufa, koma zingathe kudwalitsa anthu.

Zimene kuyesa sikutiuza

Thovu limatiuza chinthu chimodzi: yisiti ali moyo. Silitiuza ngati ufa ndi madzi zili bwino.

Mu Januwale 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, anthu adamwa mowa wa chimanga pochokera ku maliro. Anthu oposa 200 adadwala, ndipo 75 adamwalira. Mayi amene adafulula mowawo adamwaliranso. Poyamba mbiri idamveka yakuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Koma madokotala atapima mowawo ndi ufa wake, adapeza kuti poizoni adachokera kwa mabakiteriya amene adamera mu ufa wa chimanga umene udanyowa ndi madzi osefukira. Poizoni ameneyo alibe fungo, samveka polawa, ndipo satha ngakhale titaphika.

Tikumbukire anthu a ku Chitima posamala ufa wathu. Ufa umene udanyowa ndi kuwola suyenera nsima, suyeneranso mowa. Chimanga cha chuku tisachiponye ku mowa poganiza kuti moto ndi kuwira zidzachiyeretsa. Yisiti wamphamvu sachotsa poizoni.

Kusunga yisiti

Yisiti wa m'paketi amafuna malo ouma, ozizira ndi amdima.

Tigule paketi yaing'ono imene tingaimalize msanga. Ngati tagula yaikulu, tigawane ndi anzathu tsiku lomwelo.

Tikatsekula, tifinye mpweya, tipinde kukamwa, timange ndi mphira. Kenaka tiike paketiyo m'botolo louma lokhala ndi chitsekero cholimba.

Botololo likhale pansi, pakona yozizira ya nyumba, kutali ndi moto ndi malata. Amene ali ndi firiji asunge mmenemo.

Potapa tigwiritse ntchito supuni youma.

Tilembe pa kapepala tsiku limene tatsekula paketi, timate pa botolo. Mwachitsanzo: Ndatsekula pa 12 Meyi. Kale tidali kudalira kukumbukira. Tsopano tikudziwa kulemba.

Mayi aja adayesa yisiti watsopano m'kalasi, ndipo thovu lidasefukira m'tambula. Adafululanso mowa wochepa, ndi chimanga chimene abale adawathandiza. Anthu a dima adabwera, munda udatha. Chipanda choyamba adapatsa mnansi wawo uja.

Tikambirane

1. Kodi kwathu kuno timayambitsa bwanji mowa kuwira? Ndani amagwiritsa ntchito paketi, ndani mowa wakale?

2. Kodi mowa udatikanikapo? Tidati chidalakwika ndi chiyani? Nanga lero tikuganiza bwanji?

3. Chifukwa chiyani mbiya yakale imawiritsa msanga kuposa mgolo watsopano?

4. Tikapeza ufa umene udanyowa ndi mvula, tichite nawo chiyani?

Tiyankhe inde kapena ayi

1. Yisiti ndi chinthu chamoyo.
2. Madzi otentha kwambiri amadzutsa yisiti msanga.
3. Kuzizira kwa mu Juni kumapha yisiti.
4. Fermento em pó amawiritsa mowa.
5. Mowa ukawira bwino, ndiye kuti ufa wake udali wabwino.

Timalize ziganizo izi

1. Chakudya cha yisiti ndi ________.
2. ________ chimasandutsa ufa kukhala shuga.
3. Yisiti wamoyo amatulutsa ________.
4. Poyesa yisiti timadikira mphindi ________.
5. Potapa yisiti, supuni ikhale ________.

Masamu

1. Yisiti akuwirikiza kawiri pa maola 2 alionse. Tayamba ndi 1. Patapita maola 8 tili ndi 16. Nanga patapita maola 10? Nanga maola 12?

2. Pa yisiti 100, akufa ndi 65. Amoyo ndi angati?

3. Mayi ali ndi phala malita 40. Atapa lita imodzi yolerera yisiti. Atsala malita angati?

4. Pa paketi palembedwa 03/2028. Kodi ndi mwezi wanji, chaka chanji?

5. Amayi 5 agula paketi ya magalamu 500 ndi kugawana mofanana. Aliyense alandira magalamu angati?

Tilembe m'makope mwathu

Yisiti ndi wamoyo. Amafa ndi kutentha ndi chinyezi. Ndidzayesa yisiti m'kapu ndisanathire m'mbiya. Sindidzafulula mowa ndi ufa wowola.

Ntchito ya kunyumba

Aliyense amene ali ndi paketi ya yisiti kunyumba abwere nayo mawa, yatsopano kapena yakale. Tidzawerenga pamodzi dzina ndi deti. Wina abweretse shuga pang'ono, wina matambula, wina ulusi. Tidzayesa paketi iliyonse, ndipo tidzalemba pa bolodi zimene tapeza: wamoyo, wofooka, kapena wakufa.